Mlendo, Kimono ndi Chithunzithunzi ku Japan

M'malo akale a dziko la Japan, makamaka mumzinda wa Kyoto ndi ku Asakusa, dera lina la mzinda wa Tokyo, munthu amakumana ndi anthu ambiri ali kuyenda m'misewu atavala mikanjo ya maluwamaluwa yomanga ndi lamba wamkulu m'chiuno. Woona mothamanga angaganize kuti amenewa ndiwo eni mudzi, ndi kuti umu ndimo avalira masiku onse. Komatu ochuluka a iwo ndi alendo. Ena achokera ku China, ku Korea, ku Ulaya kapena ku America, ndipo ena ndi Ajapani omwe ochokera m'mizinda ina. Chovalacho achibwereka m'mawa pa sitolo, ndipo adzachibweza madzulo sitoloyo isanatsekedwe. Chimene adzapita nacho kwawo ndi chithunzithunzi basi.

Inu amene muli kukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzakumana nazo zithunzi zotere m'mabuku, m'makalendala ndi pa intaneti, ndipo tsiku lina mudzaimika chimodzi cha izo pamaso pa ana pophunzitsa za maiko akutali. Mwana amene sanaoloke nyanja amakhulupirira chithunzi koposa mawu a mphunzitsi wake, pakuti amati, "Ndaona ndekha." Chifukwa chake kuyenera kuti mphunzitsiyo adziwe kumene chithunzi chachokera, amene anachikonza, ndi chimene chinasiyidwa kunja kwake. Tiyeni tsono tione chovalacho poyamba, kenaka tione m'mene mwambo wojambulitsa nachowu unayambira ndi m'mene uli lero.

Chovala chenichenicho

Dzina lakuti kimono tanthauzo lake ndi "chinthu chovala." Kale liwuli linkanena chovala chilichonse, koma pamene malaya ndi mathalauza a ku Ulaya anafika m'dzikomo, linayamba kunena chovala cha makolo chokha. Kimono ya munthu wamkulu imachokera mumpukutu umodzi wa nsalu, wa masentimita 36 kapena 38 m'lifupi ndi mamita ngati 12 m'litali. Wosoka amadula mpukutuwo zidutswa zisanu ndi zitatu zoongoka: ziwiri za thupi, ziwiri za mikono, ziwiri zopitirira kutsogolo, ndi ziwiri za m'khosi. Sadula mokhotakhota monga achitira telala wa jekete, ndiponso sataya nsalu yotsala koma amaipindira m'kati mwa msoko. Chifukwa cha ichi anthu akale ankatha kusomola ulusi wonse, nachapa zidutswazo, naziyanika pa matabwa, nazisokanso. Ndipo kimono ya mayi inkatha kukonzedwa kuti imkwane mwana wake.

Kimono ilibe mabatani, ilibenso matumba. Chimene chimaigwira ndi zingwe za nsalu zomanga m'kati, ndi lamba wa pamwamba wotchedwa obi. Lamba wa mkazi wovala pa mwambo amafika masentimita 30 m'lifupi ndi kupitirira mamita 4 m'litali, ndipo amamangidwa mfundo yaikulu kumbuyo. Kimono ya mkazi imasokedwa yaitali kuposa msinkhu wake, kotero kuti povala amaipinda m'chiuno mpaka mphepete mwake mutalekeza mu akakolo. Kumapazi amavala masokosi oyera olekanitsa chala chachikulu ndi zinzake, otchedwa tabi, ndi nsapato zopanda chidendene. Kuvala zonsezi molongosoka ndi luso ndithu, ndipo Ajapani ambiri a masiku ano sangathe kudziveka okha. Alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuveka anzawo, ziliponso sukulu zophunzitsa luso lomwelo.

Chovala chimene chimalankhula

Kwa mwini dziko kimono imanena zambiri za woivala asanatsegule pakamwa. Mikono yaitali yolendewera, yofika mita imodzi kapena kupitirira, ndi ya mtsikana wosakwatiwa, ndipo kimono yotero dzina lake ndi furisode. Mayi wapabanja amavala ya mikono yaifupi. Pa ukwati wa mwana wake amavala yakuda ya zithunzi kumunsi kokha, yokhala ndi zizindikiro zisanu za banja kumsana, m'mikono ndi pachifuwa. Mwamuna pa mwambo waukulu amavala kimono yakuda, ndi chovala chotakasuka cha m'miyendo chotchedwa hakama, ndi mkanjo waufupi pamwamba. Ilipo inanso yathonje, yopepuka, yotchedwa yukata, yovala potuluka kosamba ndi pa zikondwerero za nyengo yotentha. Munthu wopita ku ukwati atavala yukata achita manyazi monga wopita kukachisi ndi chovala chogonera.

Nyengo nayo ili ndi malamulo ake. Kuyambira Okutobala kufikira Meyi anthu amavala kimono ya nsalu ziwiri, ina kunja ina m'kati. Mu Juni ndi mu Seputembala amavala ya nsalu imodzi, ndipo mu Julayi ndi mu Ogasiti, pamene kutentha kwafika pachimake, amavala ya nsalu yopyapyala yolowa mphepo. Zithunzi za pa nsaluyo zimatsata chaka. Maluwa a mtengo wa sakura, amene amatuluka kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, amayenera nyengo yomweyo, ndipo odziwa kuvala amakonda kuwavala maluwa enieniwo ali pafupi kutuluka. Masamba ofiira amayenera miyezi imene mitengo imayoyola masamba.

Koma lamulo loposa onse ndi la m'khosi. Munthu wamoyo, mwamuna kapena mkazi, amayamba waika mbali ya kudzanja lamanja pathupi, ndipo mbali ya kumanzere imadza pamwamba pake, kotero kuti womuyang'ana amaona m'khosimo muli ngati lemba la y. Kuvala mosemphana ndi apa ndiko kuveka kwa mtembo pa maliro. Mlendo wodziveka yekha osafunsa kawirikawiri amagwa m'cholakwa chimenechi, pakuti mabulauzi a akazi a ku Ulaya amatsekera mbali inayo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Komabe tisafulumire kuweruza chithunzi chilichonse chooneka chotero, chifukwa kamera ya kutsogolo kwa foni nthawi zina imatembenuza chithunzi monga lichitira galasi lodziyang'anira, ndipo wovala bwino amaoneka ngati walakwa.

Chiyambi chake ku Yokohama

Kuyambira m'chaka cha 1639 olamulira dziko la Japan anatseka madoko awo kwa anthu a ku Ulaya, nalola Adatchi okha kuchita malonda pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Zinakhala chotero zaka zoposa 200, kufikira pamene zombo za nkhondo za ku America, zotsogozedwa ndi Matthew Perry, zinafika m'chaka cha 1853. Mapangano anatsatira, ndipo mu 1859 doko la Yokohama, limene linali kamudzi ka asodzi, linatsegulidwa kwa amalonda akunja. Luso lojambula zithunzi ndi kamera linali litangoyamba kumene ku Ulaya mu 1839, choncho linalowa m'dzikomo pamodzi ndi alendowo. Mu 1862 Ueno Hikoma anatsegula nyumba yojambuliramo ku Nagasaki, ndipo Shimooka Renjo anatsegula yake ku Yokohama.

Mu 1863 kunafika Felice Beato, wojambula amene anali atatsata kale magulu a nkhondo a Angelezi ku Crimea, ku India ndi ku China. Iye anazindikira kuti alendo ali kufuna zinthu ziwiri: zithunzi za malo, ndi zithunzi za anthu ndi miyambo yawo. Ntchito yake inapitirizidwa ndi Raimund von Stillfried wa ku Austria, amene anagula katundu wa Beato mu 1877, ndi Kusakabe Kimbei, amene anayamba monga wopaka utoto kwa awiriwo natsegula nyumba yakeyake cha mu 1881, ndi Adolfo Farsari wa ku Italy. Masiku amenewo chithunzi chinkajambulidwa pa galasi, nichisindikizidwa pa pepala lopakidwa choyera cha dzira. Chinalibe mitundu, tsono amisiri a Chijapani ankachipaka utoto ndi timaburashi tating'ono, chimodzichimodzi, kufiiritsa milomo ndi kubiriwitsa masamba. Pomaliza zithunzizo ankazimata m'buku la zikuto za matabwa onyezimira, loyenera kuikidwa pa tebulo la m'chipinda chochezera ku London kapena ku Boston.

Ogula anachuluka chifukwa maulendo anafupika. Mu 1867 sitima zapamadzi zinayamba kuyenda mokhazikika pakati pa San Francisco ndi Yokohama. Mu 1869 ngalande ya Suez inatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji inadutsa dziko la America kuchokera kunyanja ina kufikira kunyanja inzake. Mu 1872 Thomas Cook anatsogolera gulu lake loyamba la alendo ozungulira dziko lonse, ndipo anadzera ku Japan. Mlendo wotere ankakhala m'dzikomo masabata owerengeka. Kuonjezera apo, kufikira mu 1899 munthu wakunja sankaloledwa kupita kutali koposa makilomita ngati 40 kuchokera padoko popanda chikalata cha boma. Motero ambiri ankagula zithunzi za malo amene sanafikeko ndi za miyambo imene sanaione, ena atangotsika kumene m'sitima.

M'nyumba zojambuliramo zomwezi munali zovala ndi zipangizo zosungira anthu odzajambulidwa. Mlendo akafuna ankavekedwa kimono, napatsidwa ambulera ya pepala, chikupizira kapena lupanga, naimikidwa patsogolo pa nsalu yaikulu yolembedwapo phiri la Fuji. Pakuti kamera inkafuna kuti munthu akhale chete kwa kanthawi ndithu, kumbuyo kwa khosi ankamuikira chitsulo chomuchirikiza kuti mutu usagwedezeke. Mmodzi wa alendo odziwika amene anachita zotere ndi Charles Longfellow, mwana wa mlakatuli wa ku America Henry Wadsworth Longfellow. Iye anakhala ku Japan kuyambira 1871 kufikira 1873, najambulitsa zithunzi zingapo atavala zovala za Chijapani, nalembetsa mphini za chithunzi cha nsomba yaikulu kumsana kwake, ndipo katundu amene anatumiza kwawo akusungidwa m'nyumba ya banja lawo ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts.

Chimene zithunzizo zinasiya kunja

Apa ndipo pali phunziro lalikulu. Zaka zomwezo zimene alendo anali kuvala kimono ndi kugwira malupanga pamaso pa kamera, eni dziko anali kusintha moyo wawo mofulumira koposa. Mu 1868 ulamuliro wa akazembe a nkhondo unatha, ndipo boma latsopano linakhazikitsidwa m'dzina la Mfumu Meiji. Mu 1871 boma linalola amuna kumeta tsitsi lomanga pamutu. Mu 1872 njanji yoyamba inatsegulidwa pakati pa Tokyo ndi Yokohama, lamulo loyambitsa sukulu za ana onse linatuluka, ndipo zovala za ku Ulaya zinasankhidwa kukhala za miyambo ya boma. Mfumu yomwe inajambulidwa ndi Uchida Kuichi mu 1872 itavala mikanjo ya makolo ake, koma mu 1873 wojambula yemweyo anaijambulanso itameta tsitsi, itavala yunifolomu ya msilikali ngati ya mafumu a ku Ulaya, ndipo chithunzi chachiwirichi ndicho boma linafuna kuti maiko achione. Mu 1876 ankhondo akale otchedwa samurai analetsedwa kuyenda ndi malupanga.

Choncho samurai ambiri ooneka m'mabuku a zithunzi a zaka za m'ma 1880 ndi 1890 anali anthu olembedwa ganyu, ovekedwa zida za nkhondo zimene zinali zitaleka kale kugwira ntchito. Mkazi mmodzi ankatha kuoneka m'chithunzi china ali woimba, m'china ali mayi wophika, m'chinanso ali mtulo. Pali chithunzi chodziwika cha ku nyumba ya Kimbei cha mtsikana wolimbana ndi mvula yamkuntho atagwira ambulera: chovala chake chinakokedwa ndi mawaya kuti chioneke ngati chauluzika ndi mphepo, ndipo mvulayo ndi mizere yokanda pa galasi. Ngakhale ngolo yokokedwa ndi munthu, imene alendo ankakonda kukwera pojambulitsa poyesa kuti ndi ya makedzana, inali itangopangidwa kumene cha mu 1869.

Ojambulawo sanali kunama mwa njiru. Anali amalonda, ndipo ankagulitsa chimene wogula afuna. Munthu amene wayenda milungu yambiri pa nyanja sankafuna kuonetsa abale ake chithunzi cha kalaliki wovala jekete ali kudikira sitima yapamtunda, pakuti akalaliki otero analipo kwawo komwe. Ankafuna dziko lachilendo, losafanana ndi lake. Zotsatira zake zinali zakuti anthu a ku Ulaya ndi ku America anazolowera kuganiza za Japan monga dziko la akazi a ambulera ndi amuna a malupanga, ndipo ambiri anadabwa kwambiri pamene dziko lomwelo linagonjetsa Russia pa nkhondo ya 1904 ndi 1905 ndi zombo zachitsulo. Malonda a mabuku a zithunziwa anazilala pamene makamera ang'onoang'ono a Kodak, amene anatuluka mu 1888, anachuluka m'manja mwa alendo, ndi pamene mapositikhadi otsika mtengo anafala kuyambira mu 1900, koma chilakolako chovala za eni dziko pojambulitsa sichinathe.

M'mene zilili masiku ano

Akazi ambiri a ku Japan anapitiriza kuvala kimono masiku onse kufikira nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondoyo itatha mu 1945 madiresi ndi masiketi analanda malo, ndipo kimono inasanduka chovala cha masiku akuluakulu: ukwati, maliro, kumaliza maphunziro, mwambo wa pa 15 Novembala pamene ana a zaka 3, 5 ndi 7 amapita nawo kukachisi, ndi tsiku la achinyamata ofika pa uchikulire, limene limakhala Lolemba lachiwiri la mwezi wa Januwale. Kimono yasilika ndi yokwera mtengo kwambiri, ndipo mabanja ambiri amangobwereka molipira pa masiku oterewa. Chifukwa chake malonda a makimono atsopano anatsika kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo amisiri oluka nsalu a ku Nishijin, dera la Kyoto lotchuka ndi ntchitoyi kwa zaka mazanamazana, anachepa.

Pamene ogula a m'dziko anali kuchepa, alendo anali kuchuluka. Mu 2013 alendo akunja anapitirira mamiliyoni 10 kwa nthawi yoyamba. Mu 2019 anapitirira mamiliyoni 31, ndipo mu 2024 anayandikira mamiliyoni 37. Masitolo obwereketsa makimono anamera pafupi ndi malo amene alendo amakonda, monga kachisi wa Kiyomizu ku Kyoto ndi wa Sensoji ku Asakusa. Mlendo akalowa amasankha kimono ndi lamba wake pakati pa mazanamazana opachikidwa. Woveka amamuika chovala cha m'kati, namukulunga matawulo m'chiuno kuti thupi likhale loongoka ngati mtondo, pakuti kimono imakhala bwino pa thupi lopanda mapindikidwe. Kenaka amamanga zingwe, napinda nsalu, namanga lamba, nakonza tsitsi. Zonsezi zimatha m'theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Zovala za mlendoyo zimatsala pa sitolo, ndipo iye amatuluka ali kuyenda timapazi tating'onoting'ono, chifukwa chovalacho sichilola kutambasula miyendo.

Makimono ambiri obwereketsawa ndi a nsalu ya poliyesitala, yochapika ndi makina, ndipo mitundu yake ndi yowala kuti ioneke bwino pa foni. Sitolo yofuna kukondweretsa wogula siumirira malamulo a nyengo, ndipo maluwa a Epulo amatha kuoneka mu Novembala. Alipo malo enanso amene mlendo amavekedwa zida za samurai, kapena mikanjo yambirimbiri yosanjikiza ya akazi a kunyumba ya mfumu a zaka 1,000 zapitazo, imene kulemera kwake kumayandikira makilogalamu 20. Mikanjo yotereyi pa moyo weniweni imaoneka mwa kamodzikamodzi, monga pamene Mfumukazi Masako anaivala pa mwambo wolonga ufumu wa mwamuna wake mu Okutobala 2019.

Za atsikana otchedwa maiko

Chisokonezo chachikulu chili pa atsikana otchedwa maiko. Ku Kyoto kuli madera asanu, lotchuka koposa ndi Gion, m'mene mumakhala akazi odziwa kuvina, kuimba ndi kuchereza alendo pa madyerero, amene dziko lonse limawatcha geisha koma a ku Kyoto amati geiko. Maiko ndi mtsikana wophunzira ntchito imeneyi. Amayamba ali ndi zaka 15 kapena 16, nakhala m'nyumba ya mayi womulera pa ntchitoyo, naphunzira zaka ngati zisanu magule, zeze wa nsambo zitatu wotchedwa shamisen, ndi mwambo wa tiyi. Tsitsi lomangidwa pamutu pake ndi lakelake, ndipo amagona pa mtsamiro wautali wochirikiza khosi kuti lisaphwasuke. Zokongoletsa za m'tsitsimo zimasintha mwezi ndi mwezi. Lamba wake ndi wopitirira mamita 5, wolendewera kumbuyo, ndipo nsapato zake zamtengo ndi zotalika masentimita ngati 10. Mumzinda wonsewo atsikana otere sakwana 100.

Koma ziliponso nyumba zimene mlendo aliyense, akalipira, amapakidwa nkhope yoyera, navekedwa tsitsi loikirira ndi zovala zonse za maiko, natuluka kukajambulitsa m'misewu. Alendo anzake akamuona amamuthamangira ndi makamera, nabwerera kwawo ali kunena kuti anaona geisha weniweni. Odziwa amasiyanitsa mosavuta. Maiko weniweni masana amapita ku maphunziro ake atavala kimono wamba, nkhope yosapaka zoyera, ndipo amavala zonse madzulo popita kuntchito, ali kuyenda mofulumira chifukwa anthu ali kumudikira. Woima pa mlatho masana dzuwa lili pamutu, ali kumwetulira aliyense womujambula, kawirikawiri ndi mlendo.

Vuto lenileni linagwera atsikana enieniwo. Alendo ena anayamba kuwatsekereza njira, kuwakoka mikono ya zovala ndi kulowa m'mabwalo a eni popanda chilolezo. Mu Okutobala 2019 anthu a ku Gion anaika zikwangwani zoletsa kujambula m'tinjira tawo ta eni, ndi chindapusa cha mayeni 10,000, ndipo mu 2024 anayamba kuletsa alendo kulowa m'tinjira tina totero.

Kodi mlendo wovala kimono walakwa?

Funso ili lakhala likuvutitsa anthu, ndipo mayankho ake ndi osiyana. Mu 1876 Claude Monet wa ku France analemba ndi utoto chithunzi cha mkazi wake Camille atavala mkanjo wofiira wa Chijapani, atagwira chikupizira, ndipo anamuveka tsitsi loikirira lachikasu kuti aliyense adziwe kuti ndi mkazi wa ku Ulaya. Chithunzicho chili m'nyumba yosungiramo za luso ya Museum of Fine Arts ku Boston. Mu 2015 a nyumbayo anaitana anthu kuti Lachitatu lililonse adzavale mkanjo wofanana ndi wa m'chithunzicho ndi kujambulitsa patsogolo pake. Anthu ena, ambiri a iwo Aamerika a makolo ochokera ku Asia, anadza ndi zikwangwani kudzatsutsa, nati mchitidwewu uli kuukitsa chizolowezi chakale choona anthu a ku Asia ngati zidole zachilendo. Ena, pakati pawo akazi a Chijapani ovala makimono awo, anadza kudzaikira kumbuyo nyumbayo. Chodabwitsa n'chakuti mkanjowo unasokedwa ku Japan komweko, ndipo pamene chithunzicho chinali kuonetsedwa kumeneko anthu ankauvala popanda wodandaula. A nyumbayo anapepesa, naleka kuveka anthu, nangolola kuti mkanjowo aziukhudza ndi manja.

Nkhaniyi ionetsa kuti chovala chimodzi chimamveka mosiyana malinga ndi malo. Munthu wokhala ku Kyoto, pakati pa anthu a mtundu wake, akaona mlendo wavala kimono amaona wogula amene ali kuthandiza amisiri, ndipo malo ena a mumzindamo amachotserako mtengo wolowera kwa wovala kimono. Koma mdzukulu wa Ajapani wokulira ku America, kumene makolo ake anatsekeredwa m'misasa pa nthawi ya nkhondo kuyambira mu 1942, ndi kumene anzake a kusukulu anamuseka chifukwa cha nkhope yake, amaona zina. Onse awiri ali ndi chifukwa chomveka.

Sikutinso a ku Japan salabada chilichonse. Mu 2019 Kim Kardashian wa ku America analengeza kuti zovala zam'kati zimene anafuna kugulitsa adzazitcha Kimono, nafuna kulembetsa dzinalo kuti likhale la malonda ake. Anthu ambiri a ku Japan anakwiya, ndipo mkulu wa mzinda wa Kyoto pa nthawiyo, Kadokawa Daisaku, amene ankavala kimono pa ntchito yake, anamulembera kalata yomupempha kuti aganizenso. Mayiyo anasintha dzinalo. Tikaika nkhani ziwirizi pamodzi ndi ya ku Gion tiona kuti eni chovala amakondwa kubwereka mlendo chovala chawo, koma amakana kulandidwa dzina lake, ndipo amakana kuti anthu amoyo asandutsidwe zipangizo za chithunzi cha wina.

Mphunzitsi ndi chithunzi m'kalasi

Tsono mukatenga chithunzi cha munthu wovala kimono kuti muonetse ana, yambani mwadzifunsa mafunso anayi. Wovalayo ndani, mwini dziko kapena mlendo? Chinajambulidwa liti, pakuti chithunzi cha 1885 sichingaimire Japan wa lero? Chinajambulidwa kuti, pa msewu kapena patsogolo pa nsalu yolembedwa? Ndipo anachikonzera yani, banja la mwiniwake kapena wogula wakutali? Mayankho ena ali m'chithunzi momwemo kwa munthu woyang'ana mofatsa: mikono ya chovala, maluwa a pa nsalu, mthunzi wa pansi, ndi zovala za anthu odutsa kumbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiponso musaonetse chithunzi chimodzi chokha. Pambali pa mtsikana wa ambulera ikani chithunzi cha ana a sukulu a ku Osaka ovala mayunifolomu, kapena cha khamu la anthu otuluka m'sitima ku Tokyo m'mawa, kapena cha mlimi wa mpunga ali pa thalakitala yake. Mukatero funsani ana kuti, "Mwa zovala izi, ndi chiti cha masiku onse, ndipo ndi chiti cha tsiku lalikulu?" Ana amadziwa kale kusiyana kwa malaya opita nawo kudimba ndi malaya a pa ukwati, ndipo sadzavutika kuyankha. Pamenepo mungawauze za mikono yaitali ya mtsikana, za mbali ya kumanzere yodza pamwamba, ndi za kamwana ka zaka zitatu kopita kukachisi mu Novembala agogo ake atakagwira dzanja. Mwana amene waphunzira kufunsa chotero pa chithunzi cha ku Japan adzafunsa chimodzimodzi pa chithunzi cha dziko lina lililonse, ngakhale tsiku limene adzaona m'buku la alendo chithunzi cha anthu a kwawo.